Filimu Yotsala M'chitini cha Mabisiketi

"Ndati yatsala imodzi, Ababa. Imodzi yokha! Mukaiononganso imeneyi, kamerayo ndinyamula, muzidzaionera kwathu."

Ankalankhulawo anali achemwali anga, mwana woyamba wa bambo anga aang'ono. Anaima pakhomo la pabalaza chikwama chili kukhwapa, choko cha kusukulu chikadali mbuu m'zala. Bambo aang'onowo anali khale pampando wometera umene anabwera nawo kunyumba atatseka babashopu yawo, akupukuta kamera ndi kansalu ka magalasi a m'maso.

"Wamva, Tchona?" anatero osadzutsa mutu. "Mwana woti ndinkamupukuta mamina ndekha, lero akundilanda katundu."

"Tchona musamulowetsemo. Muonetseni kaye zimene mukuchitazo, tione ngati aseke."

Dzina la Tchona ndinalipeza likundidikira. Kunja ndinakhalako zaka zisanu ndi zitatu, ndipo apa n'kuti patangotha milungu itatu chibwerereni. Ndinkagona m'nyumba yomwe ndinakuliramo, zovala zikadali m'sutikesi ngati munthu woti mawa akupitirira. Maliro a mayi aang'ono, amene anandilera kuyambira ndili wamng'ono, ndinawaonera pafoni, netiweki ikudukaduka. Panali patadutsa chaka.

Bambo aang'ono anapisa dzanja pansi pa mpando n'kutulutsa envulopu yonenepa.

Chithunzi choyamba chinali cha khitchini yathu. Ketulo pambaula, kuwala kwa m'mawa kutagwera patebulo, mipando yonse yopanda munthu. Koma pafupi ndi zenera panaima mayi aang'ono atavala juzi yawo yobiriwira, ndipo zitsulo za pazenerapo zinkaonekera m'chifuwa mwawo. Chachiwiri chinali cha kuchipinda: bedi loyala bwino, pilo mmodzi yekha. Iwo anali atakhala m'malere pambali pa bedilo, manja ali pamiyendo, mapazi osagunda pansi. M'chachitatu anagona chopingasa pakhoma la pakhonde, mutu utalowa m'chitseko. Nkhope ponseponse inali ngati utsi. Ukati uiyang'anitsitse, unkangoona khoma.

Ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana bambo aang'ono.

"Munajambula liti zimenezi?"

"Mwezi watha," anayankha achemwali. "Wamva? Mwezi watha. Amayi tinaika chaka chatha."

Ndinaziyang'ananso zithunzizo. Nanenso ndinali ndi kamera, yaikulu, yamakono, yomwe ndinagula ndisananyamuke poganiza kuti indipatsa chochita kwathu kuno. Tsiku lililonse ndinkajambula mazanamazana n'kufufuta zonse madzulo. Choncho ndinali nditawerengako zina.

"Filimu iyi yajambulidwa kawiri," ndinatero. "Poyamba munajambulapo amayi akadali moyo. Kenako mwaibwezeranso m'kamera n'kujambula nyumba pamwamba pawo. Si mzukwa ayi, achemwali."

"Ndani wanena za mzukwa? Zimenezo mayi wotsuka zithunzi anatiuza kalekale. Sukulu ya kunja yomweyi? Ine ndikuti akuononga. M'chitini munali mafilimu khumi ndi awiri. Anayi anali atsopano, anatuluka bwinobwino. Asanu ndi awiri munali amayi, onse awaphimba ndi makoma ndi mipando. Yatsala imodzi, ndipo m'nyumba muno mulibe chithunzi ngakhale chimodzi choti mwana wanga n'kuloza kuti agogo ndi awa. Loweruka ndibwera m'mawa, tikaitsukitse mmene ililimo."

Anatuluka, chitseko chinatsala chikugwedera.

Zoti m'nyumbamo munalibe chithunzi cha mayi aang'ono zinali zoona, ndipo n'zodabwitsa, chifukwa bambo aang'ono anajambula zaka makumi atatu. Ntchito yawo inali yometa. Anameta zaka makumi anayi m'kachipinda kopanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa zitsulo za njinga. Kamerayo anaiona patebulo la katundu wakale pamsika, itakhala pakati pa mawayilesi akufa. Miyezi itatu ankangopita kukaigwiragwira n'kuibwezera, kunyumba n'kumakamba za iyo yokhayokha, mpaka mayi aang'ono anatopa.

"Kaguleni, abambo. Takhala mitala ndi chinthu choti sichinalowe n'komwe m'nyumba."

Filimu yawo yoyamba anthu onse anatuluka opanda mitu. Wosoka nsapato anayenda nazo zithunzizo mzere wonse wa masitolo akulengeza kuti wometa uja tsopano wayamba kudula ndi mitu yomwe. Iwo sanakhumudwe. Anaphunzira okha, pang'onopang'ono: dzuwa lizikhala kumsana, zigongono zizigunda nthiti, ndipo podina uzigwira mpweya monga umachitira lumo likamadutsa pakhosi pa munthu. Ankati filimu ili ndi malo owerengeka, ndiye chala chisamathamange kuposa diso. Anthu ankawapempha kuti akajambule maukwati, iwo n'kukana. Ankajambula zimene wina aliyense sakanazifuna: manja a wosoka nsapato akukoka ulusi, tsitsi lakuda ndi la imvi litasakanikirana pansi asanasese, njinga itatsamira khoma mvula ikugwa.

Mayi aang'ono okha ndiwo ankathawa. Kungomva chivindikiro cha kamera chikutsekuka, ankabisa nkhope ndi chilichonse chomwe chili pafupi, kaya mbale, kaya thaulo, kaya mwana. M'mabuku onse a zithunzi anatsalamo chigongono, msana, dzanja lotambasula kukana. Anadzasiya kuthawa atadwala. Akuti tsiku lina anangoti, "Jambulani, ndatopa n'kubisala." Chaka chimenecho bambo aang'ono anatseka babashopu kuti azisamalira odwala, n'kubweretsa mpando ndi kalilole kunyumba, makasitomala akale ankabwera kudzametedwa pakhonde. Anawajambula mayiwo mafilimu angapo, koma sanatsukitse ngakhale imodzi. Ankati akachira adzaonera limodzi n'kumaseka mmene anaondera.

Chimene chinasokoneza zinthu ndi kachizolowezi kakang'ono. Filimu yatsopano imabwera kalilime katatulukira kunja kwa kachitsulo kake. Ikatha, anthu ambiri amaikulunga yonse mpaka kalilimeko kalowe, ndiye yakale imadziwika. Bambo aang'ono sankatero. Wotsuka zithunzi wina wakale anawauza kuti kalilime kakatsala kunja ntchito imaphweka, ndipo iwo, pokhala munthu wosafuna kuvutitsa mnzake pantchito, ankakulunga khutu lili pakamera, n'kuima akangomva kuti the. Yakale ndi yatsopano zinkafanana ngati mapasa. Iwo ankazisiyanitsa ndi madirowa: zatsopano m'mwamba, zojambula kale m'munsi. Zaka makumi atatu sanasokonezepo. Maliro atatha, pokonza m'nyumba, munthu wina anakhuthulira madirowa onse awiri m'chitini chimodzi cha mabisiketi. Munthuyo sankatchulidwa.

Lachinayi masana bambo aang'ono anandiyang'ana m'mutu n'kupukusa wawo.

"Kunja kumeneko kulibe ometa? Khala apa. Ukuyenda ngati tchire losapsa."

Ndinakhala pampando uja pakhonde, anandikulunga nsalu m'khosi. Manja awo anali akadali odekha. Ine ndi kusakhazikika kwanga ndinayamba kufotokoza kuti pali makompyuta otha kulekanitsa zithunzi, kuti ndili ndi mnzanga kunja wodziwa zimenezo, kuti mwina titumize.

"Weramira kutsogolo," anatero. Sizasi inalira kanthawi. "Iwe ukuona ngati ine sindidziwa chimene ndikuchita?"

"Sindinatero, Bambo."

"Yoyamba ndiyo inandipeza osakonzeka. Mayi ako atapita, nyumba ino inasintha kamvekedwe. Ndinati ndijambule zipinda, ndione ngati zikuonekanso mmene zikumvekera. Nditatsegula envulopu m'sitolo muja, ndinakhala pansi penipeni, pasimenti. Mayi wotsuka uja anachita kundipatsa madzi. Koma pofika pageti apo n'kuti nditazindikira kale kuti ndi kalilime kaja."

"Nanga munapitiriziranji?"

Ananola lumo, anandipendeketsa mutu ndi zala ziwiri, chitsulo chozizira chinagunda kuseri kwa khutu.

"Iwe sunawaone mayi ako. Sindikukudzudzula, usagwedezeke, ndingakucheke. Ndikungoti sunawaone. Mkono unafika ngati mpini wa tsache. Maso analowa. Ndikatsukitsa filimu mmene ililimo, atuluka ndi amenewo, ndipo akatuluka ndiye kuti akhala amenewo mpaka kalekale. Koma ndikawaika m'khitchini muli dzuwa, matenda saoneka. Amangokhala ngati munthu amene wadutsa kupita kukatenga kanthu kuchipinda."

"Achemwali akufuna nkhope."

"Nanenso ndikuifuna, Tchona. Ndikatsinzina ndimaona juzi, ndimaona manja, ndimamva ndi kutsokomola komwe. Nkhope yokha imakana. Zaka makumi anayi ndi zisanu bedi limodzi, koma imakana." Anapukuta lumo pansalu. "Ndiye ndikuopa ziwiri. Kuti ndikaitsukitsa ndipeza nkhope ya matenda. Kapena ndipeza kuti inali yatsopano, mulibe aliyense."

Anandisasa tsitsi paphewa n'kundimasula. Ndinaona kuti chitseko cha pabalaza anachisiya chotsegula, ndipo podutsa pafupi ndi mpando wa pazenera, umene mayi aang'ono ankakhalapo akudwala, anapatuka pang'ono monga mmene umapatukira miyendo ya munthu.

Loweruka ndinadzuka dzuwa litakwera. Ndinapeza bambo aang'ono patebulo la kukhitchini atavala malaya oyera, kamera ili chitsegulire kumbuyo, filimu ili m'dzanja, kalilime kali pakati pa zala. Kuwala kunali kutagwera bwino pakhoma, kuwala kumene iwo ankakukonda. Kunja kuja ndikanangoitsomphola n'kupepesa pambuyo, koma awa anali bambo anga.

Geti linalira. Achemwali analowa, anaona kamera, anaona dzanja. Ndinayembekezera phokoso. M'malo mwake anaika chikwama pansi n'kukhala pampando woyang'anizana nawo.

"Ababa, madirowa aja ndinasakaniza ndine."

"Ndikudziwa."

"Ndinkangofuna kuti m'nyumba muoneke bwino, anthu anali ambiri. Chitini chinali chopanda kanthu, ndiye ndinati..." Anaweramitsa mutu. "Zisanu ndi ziwiri zija ndaononga ndine, si inu. Ndiye ndikupempha. Imodzi yokhayi. Kaya atuluka oonda, ndi amayi anga. Ndinkawasambitsa ndine, palibe chimene ndingaone chachilendo."

Bambo aang'ono anayang'ana filimu ija nthawi yaitali. Kenako anatseka kamera yopanda kanthu, inalira kuti kha, n'kuika filimuyo m'thumba la malaya.

"Ndinyamula ndekha," anatero. "Nonse awiri manja anu ndi aphuma."

Sitolo yotsuka zithunzi inatsala imodzi tauni yonse, ndipo nayonso inkadalira za mafoni ndi za mapasipoti. Makina a filimu anali kuseri, ataphimbidwa ndi nsalu. Mwini wake, mayi wamagalasi ochindikala, atationa anavula magalasiwo.

"Bambo a mizukwa afika. Lero mwabwera ndi mboni?"

"Lero sindinaphimbe, mayi. Itsukeni mmene ililimo."

Mayiyo anasiya nthabwala. Analandira filimuyo ndi manja awiri n'kulowa nayo.

Tinadikira pabenchi pafupifupi ola lathunthu. Anthu ankalowa, kukhala pakampando kutsogolo kwa nsalu yoyera, kuwala n'kung'anima, n'kutuluka. Ine ndinatulutsa foni kangapo n'kuibweza. Achemwali ankapinda ndi kutambasula lamba wa chikwama. Bambo aang'ono anakhala chowongoka, manja pamaondo, fungo la mankhwala otsukira likutuluka kuseri.

Mayi uja anabwera ndi envulopu, nkhope itasokonezeka.

"Si yopanda kanthu," anatero. "Koma sindikudziwa ngati ndi zimene mumafuna."

Bambo aang'ono anatsegula. Chithunzi choyamba chinali chopendekeka, theka lake chitseko. Kupyola chitsekocho kunkaoneka khonde lathu, mpando wometera, munthu atakulungidwa nsalu, ndi mwamuna wa malaya oyera ataima chofulatira, sizasi ili m'mwamba. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu mwamuna yemweyo atawerama akusesa tsitsi. China akuseka ndi wosoka nsapato, dzanja lili paphewa pake. China chinali mdima wokhawokha ndi chala chachikulu chofiirira pakona. Zonse zinajambulidwa kuchokera pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pampando, kuchokera m'kati mwa nyumba.

"Amayi ali kuti?" anafunsa achemwali. "Ababa, awa ndinu. Zonsezi ndinu."

Bambo aang'ono sanamve. Maso awo anali pazithunzizo.

"Tsiku lina ndinapeza filimu itatha," anatero motsitsa mawu. "Ndinati kaya ndayamba kuiwala. Ndinangoikulunga n'kuponya m'dirowa. Kamera ndinkaisiya pazenera, pafupi ndi mpando wa mayi anu." Anakweza chithunzi chimodzi pafupi ndi maso. "Munthu woti sankafuna n'kuigwira komwe. Taonani, wadula miyendo, dzuwa lili kumaso, zigongono sanatsamize. Ndinkaphunzitsa anthu a mumsewu, wa m'nyumba osamuphunzitsa."

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuonetsa anthu nkhongo zawo. Yanga ndaiona lero. Kani dazi linafika pamenepa, inu osandiuza?"

Achemwali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatenga zithunzi zotsala kuti manja apeze chochita, ndipo ndi pamene ndinaona. Pa chimodzi, kalilole wa pakhonde uja analowa yense. M'kalilolemo munali nkhope ya wometedwa, pambali pake mimba ya malaya oyera, ndipo kuseri kwenikweni, m'kamdima ka chitseko chotsegula, munali kadontho kobiriwira kosaposa njere ya mpunga.

"Bambo, taonani apa."

Tinaunjikana mitu itatu. Inali juzi ija. Pamwamba pake panali kamera, itagwiridwa ndi manja awiri, itaphimba theka la nkhope. Theka linalo linali poyera: diso limodzi lotsegula, ndi tsaya litakwera m'mwamba mmene linkakwerera akamachita chinthu mobisa n'kumadziletsa kuseka. Khoma silinkaonekera m'thupi mwawo. Anali athunthu, olimba, atakhala pampando wawo, kungoti kutali.

"Tikulitse," ndinatero msangamsanga. "Mayi, mungathe kukulitsa kachigawo aka kokha? Kadzaze pepala lonse?"

Mayiyo anayesa pakompyuta yake ife tikuona. Kadontho kanakula, kanakula, kenako kanasweka n'kukhala timabanga tobiriwira ndi tofiirira, ngati mchenga wothira pagalasi. Diso lija linasowa.

"Bwezani," anatero bambo aang'ono mwamphamvu. "Bwezani mmene analili."

Anabweza. Mayi aang'ono anabwerera, aang'onong'ono, akuseka ndi tsaya limodzi.

"Munthuyu sankafuna kumuyandikira ndi kamera," anatero. "Musiyeni pomwe wakhalapo. Mutitsukire ziwiri, china cha mwanayu."

Achemwali analandira chawo n'kuchiika pakati pa buku la m'chikwama. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mwana wanga ndikamuuza kuti agogo ndi kadontho aka, andiseka."

"Umuuze kuti ndi amene anajambula. Ndipo kamera yanga sukunyamula."

"Ndani akuifuna, chikhalirecho ndi yolemera ngati njerwa."

Tinatuluka dzuwa lili pamutu. Achemwali anakwera basi ya kwawo pakona. Ife tinayenda wapansi, bambo aang'ono patsogolo, ine m'mbuyo ndikuvutika kuchepetsa liwiro. Pafupi ndi pokwerera mabasi panali mayi wina atayala katundu pansalu: zipeso, maloko, mabatire, malezala, timagalasi ta m'manja. Bambo aang'ono anaima, anawerama movutikira, n'kutola kagalasi kokuza zinthu, ka chogwirira chakuda, kaja amagwiritsa ntchito okonza mawotchi ndi okalamba owerenga tizilembo ta pamankhwala.

"Aka kamanama?" anafunsa.

"Kanama bwanji, bambo? Kamangoonetsa zomwe zilipo."

Anakayesa pachikhadabo chawo, anakayandikiza, anakatalikitsa, mpaka mizere ya pachala inaoneka bwino. Envulopu sanaitsegule pamsewupo. Analipira, anakana pepala lokulungira, anakapukuta ndi m'mphepete mwa malaya n'kukalowetsa m'thumba la pachifuwa, chogwirira chitatulukira kunja. Njira yonse yopita kunyumba dzanja lawo linali pathumbapo.